Kumata bwalo la phula lisanayambe kukumbika: malangizo a pang'onopang'ono

Phula likangothiridwa kumene limakhala lakuda bii, ndipo madzi a mvula amangotsetsereka pamwamba pake n'kulowa m'ngalande. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi limayamba kutuwa. Mukamasesa, tsache limatola timiyala tomwe kale tinali togwirana nganganga. Ambiri amangoti bwalo lada ndi fumbi, pamene layamba kukalamba, ndipo nthawi yabwino yoliteteza ndi imeneyi, maenje asanatuluke. Malangizo awa ndi a inu amene mumayang'anira bwalo la tchalitchi kapena mzikiti, malo oimikapo galimoto pasukulu, paloji, pasitolo, kapena kanjira kolowera kunyumba kwanu. Misewu ya boma ili ndi eni ake, a Roads Authority ndi makhonsolo, choncho imeneyo musaikhudze.

Chomwe timapondapo n'kumati ndi phula kwenikweni ndi miyala yophwanya. Pa makilogalamu 100 a chisakanizocho, phula lenileni limangokwana makilogalamu 5 kapena 6, ndipo ntchito yake ndi kumata miyalayo kuti igwirane. Dzuwa ndi mpweya zimaumitsa phula lochepali chaka ndi chaka mpaka limasiya kutamuka. Likauma limang'ambika, madzi amalowa m'ming'alumo n'kufewetsa dothi la pansi, kenako tayala la galimoto limamaliza ntchito yonse. Kumata pamwamba ndi phula lina lopyapyala kumatchinga dzuwa, kumagwira timiyala tija, komanso kumatseka timipata tolowera madzi. N'chimodzimodzi kuzira pakhonde: mumazira pomwe pali polimba kale, mopyapyala, ndipo mukaunjika dothi lambiri nthawi imodzi limang'ambika likamauma. Kumata sikuwonjezera mphamvu ya bwalo ngakhale pang'ono. Pansi pakafa, pafa basi, ndipo ndimamva chisoni kuona komiti ikuwononga ndalama za zopereka kudetsa bwalo lomwe likufunika kukumbidwa.

Yambani ndi kuliyendera bwalolo

Chitani izi nthawi ya dzinja, mvula itangokata. Tengani choko kapena penti pang'ono, muyende pang'onopang'ono kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi. Paliponse pomwe madzi adikha, zungulizani mzere. Bwererani pakatha maola awiri kapena atatu dzuwa litawala: bwalo lonse likhala litauma, koma ming'alu idzaonekabe yakuda chifukwa imasunga chinyezi. Imeneyo ndi milomo yomwe madzi akulowera.

Ming'alu siyofanana, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Mng'alu umodzi wautali, wowongoka kapena wokhotakhota, umatsekeka bwinobwino. Koma mukapeza malo omwe ang'ambika timagawo ting'onoting'ono tolumikizana mbali zonse, pondanipo ndi chidendene. Ngati pakunyenya, kapena m'ming'alumo mukutuluka madzi amatope, ndiye kuti vuto lili pansi pa phula. Malo otere amafunika kudula, kukumba mpaka popezeka polimba, kubwezeramo miyala ndi dothi labwino, kutsendera, n'kuthiranso phula. Chimodzimodzi pomwe palowa m'kati motsatira mapazi a matayala. Ngati malo owonongeka chonchi atenga gawo lalikulu la bwalo, lekezani pomwepa, muitane injiniya adzaone. Ndalama ya kumata muisunge.

Bwalo latsopano nalonso silimatidwa msanga. Lisiyeni miyezi 6 mpaka 12 kuti mafuta opepuka a m'phulamo athe kuuluka. Njira yodziwira ndi yosavuta: khuthulanipo ndowa ya madzi. Madzi akamwazika bwino n'kunyowetsa paliponse, lakonzeka. Akamaundana timadontho kapena kuonetsa mitundu ya utawaleza, dikirani kaye.

Nyengo yake

Zomatira zonse zomwe titchule pano zili ndi madzi m'kati, ndipo zimalimba madziwo akauluka. Choncho mufunika masiku awiri opanda mvula, komanso kutentha kopitirira madigiri 10, usana ndi usiku womwe. Kuno kwathu miyezi yabwino ndi Ogasiti, Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Juni ndi Julayi amanyenga: kumwamba kumaoneka koyera, koma ku Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Zomba chiperoni chimangofika osagogoda, pamene ku Dedza ndi ku Mzuzu m'mawa kumazizira mopitirira muyeso uja. Novembala musamudalire, mvula yoyamba ikhoza kukokolola ntchito ya tsiku lonse n'kukaitaya m'dimba la mnansi wanu. A ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, vuto lanu ndi kutentha: yambani mbandakucha, ikamakwana 10 koloko mukhale mutaweruka, chifukwa phula lotentha kwambiri limaumitsa chomatiracho musanachiyale n'komwe.

Sankhani chomatira

Maziko a ntchito yonseyi ndi phula lamadzi, lomwe ogulitsa amalitchula kuti emulsion. Ndi phula losweka timadontho tosaoneka ndi maso tomwe tikuyandama m'madzi, moti silifuna moto. Limabwera m'migolo ya malita pafupifupi 200 kuchokera kunja, poti dziko lathu liribe fakitale yoyenga mafuta. Pa ntchito yamanja funsani la mtundu wochedwa kugwira, lomwe kuno kummwera kwa Africa limadziwika ndi dzina lakuti SS60. Nambala 60 ikutanthauza kuti magawo 60 pa 100 alionse ndi phula, otsalawo ndi madzi. Mitundu yogwira msanga ndi ya makina opopera pamsewu, m'wilibala imaundana musanatembenuke. Ndipo musasakanize mitundu iwiri yosiyana mumgolo umodzi, chifukwa phula lamadzi lili m'magulu awiri, la anionic ndi la cationic, ndipo awiriwa akakumana amaundana nthawi yomweyo.

Ngati bwalo langotuwa ndi kuuma koma silinakhakhale kwambiri, njira yotchipa ndi yomwe amisiri amati fog spray. Mumasungunula phula lamadzi ndi madzi oyera muyeso wofanana, n'kupopera kapena kupaka pafupifupi lita imodzi pa sikweya mita iliyonse. Nthawi zonse thirani madzi mu phula, osati phula m'madzi. Njirayi imafuna bwalo lomwe lingamwe. Pa phula losalala ndi lothinana chomatiracho chimangokhala pamwamba, ndipo mvula ikagwa pamaterera koopsa.

Ngati timiyala tayamba kuzuka ndipo pamwamba pakhakhala, pamafunika slurry, chomwe ndi chisakanizo cha phula lamadzi, fumbi la kwale, simenti pang'ono ndi madzi, choyalidwa mokhuthala mamilimita 3 mpaka 6. Pa mabwalo ambiri omwe ndimaona m'matauni mwathu, slurry ndiye yoyenera, ndipo ndi yomwe ndifotokoze mwatsatanetsatane.

Palinso zomatira zosakaniza kale za m'zidebe, zotchedwa sealcoat, zomwe n'zofala kwambiri ku America ndi ku Canada komwe nyumba zambiri zili ndi kanjira ka phula. Mukazipeza, werengani chikalata cha pachidebe. Zina zimapangidwa ndi phula la mafuta, zina ndi phula la malasha, lolembedwa kuti coal tar. Lamalashali lisiyeni. Lili ndi mankhwala ambiri otchedwa PAH, omwe amapereseka ndi matayala n'kusanduka fumbi lolowa m'nyumba ndi m'mitsinje, ndipo bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, limaika phula la malasha m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ku America, mzinda wa Austin ku Texas unaletsa zomatira zimenezi kuyambira mu 2006, ndipo chigawo cha Washington chinakhazikitsa lamulo lotero mu 2011. Pabwalo lomwe ana amakhala pansi n'kumasewera, nkhani imeneyi si yoinyalanyaza.

Chenjeraninso ndi munthu wobwera ndi mtengo wotsika modabwitsa atanyamula mgolo wopanda chizindikiro. Oyilo wakutha wa galimoto amadetsa bwalo mokongola kwa sabata imodzi, koma amasungunula phula lomwe mukufuna kuteteza. Nunkhizani, ndipo pakani pang'ono pamwala: phula lamadzi lenileni limakhala lofiirira, likauma limada ndi kugwira, pamene oyilo sauma.

Yezani musanagule

Tiyerekeze kuti bwalo lanu ndi mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, omwe ndi masikweya mita 600. Pa fog spray mufunika malita pafupifupi 600 osungunula kale, kutanthauza malita 300 a phula lamadzi, mgolo umodzi ndi theka. Pa slurry ya mamilimita 5 mufunika fumbi la kwale lokwana makyubiki mita atatu ndi migolo ngati inayi. Onjezanipo pang'ono, poti bwalo lokhakhala limadya zambiri kuposa momwe masamu amanenera. Fumbilo likhale lochokera ku miyala yophwanya, lopanda dothi, masamba kapena mizu, ndipo mulisefe pa sefa wa mabowo a mamilimita 5. Mwala umodzi waukulu ukatsalamo umakokedwa ndi chopalira n'kusiya mzere pabwalo lonse. Mchenga wa kumtsinje ndi wobulungira, sugwirana bwino ngati fumbi la kwale.

Zida zake n'zodziwika: mawilibala, mafosholo, ndowa za malita 20, matsache olimba, burashi yawaya, chothirira maluwa, chingwe, chiguduli, ndi chopalira cha labala chokhala ndi mpini wautali, chomwe m'masitolo amati squeegee. Makina osakanizira konkire akapezeka, bwerekani, amapeputsa ntchito kwambiri. Aliyense wogwira ntchito akhale ndi magolovesi, majombo ndi zovala zomwe sadzazidandaula.

Konzani zowonongeka kaye

Gawo ili ndi lomwe limadya masiku ambiri, ndipo ndi lomwe anthu othamangira malipiro amalidumpha.

Yambani ndi ngalande. Fukulani zonse, ndipo pomwe dothi ndi udzu za m'mphepete zakwera kuposa phula, palani kuti madzi azituluka. Bwalo lomatidwa bwino koma lokhala m'madzi silichedwa kufa.

Kenako udzu wa m'ming'alu. Kuudula pamwamba n'kutaya nthawi, umaboola chomatira pakangogwa mvula yoyamba. Zulani ndi mizu yomwe pogwiritsa ntchito chitsulo chosongoka, kapena poperani mankhwala opha udzu kutatsala milungu iwiri. Mukatero kokotani ming'aluyo ndi burashi yawaya mpaka dothi lonse litachoka. Ming'alu yopyapyala, yosapitirira mamilimita 3, idzatsekeka ndi slurry. Yokulirapo thiranimo phula lamadzi losasungunula pogwiritsa ntchito botolo loboola pachivindikiro, mudikire litsike, muthirenso, kenako muwazepo mchenga wouma. Yoti chala n'kulowamo idzazeni ndi phula lamadzi losakaniza ndi fumbi la kwale, mukutsendera ndi kachitsulo. Musasiye chitumbira pamwamba, chidzaonekera mpaka kalekale.

Dzenje lililonse lidulidwe m'makona anayi, makoma ake oima chilili, mpaka mutafika pa phula lolimba. Chotsani zonse zosagwira, tsenderani pansi pake, pakani phula lamadzi pansi ndi m'makoma momwe, kenako thiranimo phula lozizira la m'matumba, losakaniza kale ndi miyala, m'magawo osapitirira masentimita 5, gawo lililonse mukulitsendera mwamphamvu. Chigambacho chitumphuke pang'ono chabe, matayala adzachitsitsa. Chipatseni milungu ingapo chiume musanamate pamwamba pake. N'chifukwa chake maenje ndi bwino kuwakonza mu Juni kapena Julayi, kuti pofika Seputembala zonse zikhale zitakhazikika.

Pomaliza yang'anani pomwe pamaima maminibasi, malole ndi jenereta. Dizilo ndi oyilo amafewetsa phula, ndipo palibe chomatira chomwe chingagwire pamafuta. Thiranipo mchenga kapena utuchi kuti umwe, sesani, kenako kwechani ndi sopo waufa ndi madzi, kawiri kapena katatu. Bayanipo ndi sikuludiraiva: ikalowa mosavuta, malowo awola, aduleni ngati dzenje.

Tsiku loti mawa mumata, sesani bwalo lonse, mulitsuke ndi madzi ngati alipo, ndipo mulisesenso m'mawa mwake. Pukutani chikhatho pansi. Chikatuwa ndi fumbi, simunamalize. Phimbani zivindikiro za mapaipi, makhonde ndi miyala ya m'mphepete ndi makatoni kapena mapepala, chifukwa phula likadontha pa simenti silichoka. Tsekani zipata zonse ndi migolo ndi chingwe, ndipo eni galimoto auzidwe kusanache kuti atulutse galimoto zawo.

Kusakaniza ndi kuyala

Mgolo wa phula lamadzi ukakhalitsa, phula limakhazikika pansi. Ugonekeni n'kuugubuduza uku ndi uku kwa mphindi zingapo musanautsegule. Mukapeza zibuma zolimba zosasungunuka, phulalo lawonongeka, libwezeni komwe munagula.

Muyeso woyambira ndi uwu: ndowa zinayi za fumbi la kwale, ndowa imodzi ya phula lamadzi, simenti wokwana chitini cha lita imodzi, ndi madzi osakwana ndowa. Madziwo akhale oyera, oti munthu n'kumwa. Sakanizani fumbi ndi simenti zili zouma, thiranimo madzi ambiri mwa madzi aja mpaka fumbi lonse litanyowa, ndipo phula lilowe pomaliza. Mukathira phula pa fumbi louma, fumbilo limayamwa madzi a m'phulamo, zonse n'kusanduka timibulu tosayalika. Takasani mpaka mtundu ukhale umodzi, wofiirira. Chisakanizo chabwino mukachikhuthula chimayenda chokha pang'onopang'ono, osaima chitumbira, komanso osatulutsa madzi ofiirira m'mbali. Fumbi la kwale limasiyana malinga ndi komwe lachokera, ndiponso chinyezi chake chimasintha, choncho yesani kaye pakona ina yobisika, malo a mita imodzi, muone m'mene paumire tsiku lotsatira. Mukakanda ndi chala timiyala n'kumachoka, phula lachepa. Pakakhala ponyezimira ndi ponata dzuwa likatentha, phula lachuluka.

Gawani bwalo m'mizere ya mamita awiri kapena atatu ndi chingwe, muyambire kumapeto kwenikweni n'kumabwerera chakuchipata, kuti musadzitsekere pakona. Munthu mmodzi atsogole ndi chothirira maluwa, akunyowetsa pansi pang'ono chabe, osati mpaka madzi kudikha. Wachiwiri akhuthule chisakanizo. Awiri akoke ndi zopalira, akukanikiza kuti chilowe m'timaenje tonse, ndipo wotsiriza akoke chiguduli chonyowa pamwamba kuti afafanize mizere ya chopalira ndi kusiya pamwamba pokhakhala pang'ono pogwira matayala. M'mphepete ndi m'makona gwiritsani ntchito burashi.

Chinsinsi chake ndi kusaima. Osakaniza asalekeze oyala akudikira, chifukwa m'mphepete mukauma musanalumikize mzere wotsatira, mpaka pamakhala chipsera choonekera. Sakanizani zokhazo zomwe mungayale nthawi yomweyo, ndipo zikayamba kulimba muwilibala musazidzutse ndi madzi, zitayeni. Tiyi amwedwe pamapeto a mzere, osati pakati.

Ndibwerezenso za kupyapyala, poti apa ndi pomwe eni bwalo amalakwitsa ndi mtima wofuna zabwino. Amaima pambali n'kumauza amisiri kuti thirani zambiri, tagula ndife. Chomatira chokhuthala chimauma pamwamba pokha, m'kati muli madzi, ndipo galimoto yoyamba kukhota imachisenda. Ngati bwalo ndi lokhakhala kwambiri, yalani kawiri mopyapyala, ulendo wachiwiri mawa lake, mopingasa ndi woyamba. Zosakaniza kale za m'zidebe nazonso zimafuna kupaka kawiri mopyapyala, motsatira muyeso wa madzi womwe wopanga walemba.

Zida zitsukidwe ndi madzi phula lisanade. Likada limafuna parafini, ndipo kutsukako kuchitikire kutali ndi bwalo. Madzi otsukira musawatayire m'ngalande yopita kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, akumbireni kadzenje. Phula likagwera pakhungu, pakanipo mafuta ophikira kenako sopo, osati petulo.

Kudikira kuti liume

Mudzaona mtundu ukusintha kuchoka pofiirira kufika pakuda, chizindikiro chakuti madzi akuuluka ndipo phula lagwira miyala. Dzuwa likakhala labwino zimenezi zimatenga maola ochepa, koma pansi pa mitengo ndi kuseri kwa makoma zimachedwa. Dindani pepala loyera pansi: likatuluka ndi banga lofiirira, sipanaume. Anthu oyenda pansi adikire mpaka madzulo kapena mawa, galimoto zidikire maola 24 mpaka 48. Ikani mlonda, chifukwa njinga imodzi, galu kapena mbuzi zimasiya mapazi omwe adzakhalepo zaka. Ngati ndi patchalitchi, yalani Lolemba kapena Lachiwiri, ndipo pamzikiti ntchito iyambe Loweruka.

Slurry imalimba bwino ikapondedwa. Ikauma, yendetsanipo galimoto yaing'ono pang'onopang'ono, mowongoka, kubwereza bwalo lonse. Milungu iwiri yoyambirira pemphani madalaivala kuti asamapotoze chiwongolero galimoto itaima, ndipo malole olemera ayambe aima panja. Timiyala tochepa tidzazuka masiku oyamba, zimenezo zisakudetseni nkhawa, ingosesani. Mizere yoyera ya poimika galimoto ijambulidwe bwalo litaumitsitsa, ndi penti ya pamsewu yosungunulira madzi, chifukwa penti ya mafuta imasungunula phula n'kusanduka yachikasu.

Zaka zotsatira

Musamate chaka chilichonse. Zomatira zikaunjikana zimang'ambika ndi kusendeka zokha. Pakati pa zaka zitatu ndi zisanu ndi pabwino, ndipo slurry yoyalidwa bwino pabwalo la galimoto zing'onozing'ono imatha kupitirira pamenepo. Chokuuzani ndi maso anu: mtundu wa miyala ukayambanso kuonekera paliponse, nthawi yakwana. Chofunika chaka ndi chaka ndi kufukula ngalande mu Okutobala ndi kutseka mng'alu uliwonse watsopano mvula isanayambe, ntchito ya munthu mmodzi ndi botolo limodzi. Letsani kuotcha zinyalala pa phula, kukonzerapo injini, ndi kusakanizirapo simenti. Pansi pa jeki ndi pa mwendo wa njinga yamoto pazikhala kathabwa, makamaka miyezi yotentha.

Ngati ntchitoyi mukupereka kwa kontilakitala, pepala la mgwirizano linene mtundu wa phula ndi kuchuluka kwa migolo, kukhuthala kwa slurry, maulendo oyala, ndiponso kuti kukonza maenje ndi ming'alu kuli m'kati mwa mtengowo kapena ayi. Migolo ifike pamalopo yosatsegula, ndipo mmodzi wa komiti aiwerenge isanayambe ntchito ndi itatha. Gwirizananinso kuti gawo lina la malipiro lidzaperekedwa mvula yoyamba ikagwa, inu mutayendera bwalolo limodzi ndi mmisiriyo.